Mzinga wa Guendolen ku Mangochi

Ku Mangochi, pamene mtsinje wa Shire watuluka m'nyanja yaikulu koma usanalowe m'Malombe, pali mzinga wakale wachitsulo. Uli pabwalo, kufupi ndi mlatho, patsinde pa nsanja ya njerwa imene anaimanga m'chaka cha 1903 kuti ikhale chikumbutso cha Victoria, mfumu yaikazi ya ku England. Anthu apita pomwepo tsiku ndi tsiku, ena ndi madengu a usipa pamutu, ena pa njinga, ndipo ambiri sauyang'ana konse.

Tsiku lina m'mwezi wa Julayi, mwera uli kuomba, mphunzitsi wa sukulu ina ya kumudzi anadza ndi ana ake kudzaona mzingawo. Dzulo lake anali atawauza kuti, "Mawa tikaona za sitima ya nkhondo." Anawo sanagone bwino usiku umenewo, pakuti anayesa kuti akapeza chombo chachikulu chili kuyandama pa Shire, utsi uli tolotolo, asilikali atandanda pamwamba pake. Atafika pa mlatho anapenya kumtunda, napenyanso kumunsi, koma anaona mabwato a asodzi okha, ndi amayi ochapa pa dooko.

Mnyamata wina anafunsa nati, "Aphunzitsi, nanga sitima ija ili kuti?"

Mphunzitsi anati, "Palibe. Anaiphwasula kalekale, ambiri a agogo anu asanabadwe. Chotsala ndi ichi." Ndipo anawalozera mzinga.

Anawo anagwa mphwayi. Wina ananong'oneza mnzake kuti, "Kodi tadzukira mbandakucha chifukwa cha kachitsulo aka?" Mphunzitsi anamva, koma sanamdzudzule. Anawakhazika pansi pamthunzi, nayamba nkhani yake kutali, pa masiku amene sitima zinali zisanafike.

Makolo a m'mbali mwa nyanja anali ndi mabwato osema ku mtengo umodzi, monga alipo ndi lero lomwe. Bwato ndi labwino pophera nsomba, koma nyanja ya Malawi ndi yaikulu ndithu. M'litali mwake ipitirira makilomita 500, ndipo pena m'mimba mwake mufika makilomita 75. Munthu wopalasa ndi nkhafi saoloka madzi otere ndi katundu wolemera. Tsono cha m'ma 1840 kunafika Aswahili a malonda ochokera ku gombe la nyanja ya mchere. Mmodzi wa iwo, Salim bin Abdallah, anakhala ku Nkhotakota, natchedwa Jumbe. Anthu amenewa anadziwa kupala matabwa ndi kuwalumikiza, napanga zombo zazikulu zokhala ndi mlongoti ndi thanga la nsalu. Chombo chotere sichifuna nkhafi. Mphepo ikadzaza thanga chimayenda chokha, ndipo munthu mmodzi wokhala kumbuyo achiwongolera ndi tsigiro. David Livingstone, amene anaona nyanjayi koyamba mu 1859 kufupi ndi Mangochi pomwepa, anapeza amisiri ali kupanga chombo chotere ku Nkhotakota mu 1863.

Woyendetsa chombo anayenera kudziwa mphepo monga mlimi adziwa mvula. Mwera uchokera kumwera m'miyezi yozizira, ndipo uutsa mafunde aakulu. Mpoto uomba m'dzinja. Vuma achokera kum'mawa. Mphepo yabwino ikasowa, chombo chinkangokhala pa dooko masiku ambiri, anthu ali kuyang'ana kumwamba.

Zombozo zinali zokongola poziona patali, koma katundu wake anali wachisoni. Zinkanyamula minyanga ya njovu ndi anthu. Amuna, akazi ndi ana ogwidwa m'midzi ya kumadzulo ankawapanikiza m'kati mwa chombo, nawaolotsera kum'mawa, ndipo kuchokera kumeneko ankayenda pansi miyezi ingapo, ena ali m'magoli, kufikira ku Kilwa kumene ankawagulitsa. Pobwerera zombozo zinkadza ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Makanjira, mfumu ya Ayao ya kum'mawa kwa nyanja, anali nazo zombo zake, ndipo Mponda ndiye anasunga pooloka pa Shire, pafupi ndi pamene anawo anakhala. Si mtundu umodzi wokha umene unadetsa manja ake pa malonda amenewa. Mafumu a mitundu ina anagulitsanso anthu, ndipo Azungu omwe anali atachita malonda omwewo zaka mazana angapo pa nyanja ya Atlantic asanatembenuke ndi kuyamba kuwaletsa.

Sitima yoyamba yoyenda ndi nthunzi inalowa m'nyanjayi pa 12 Okutobala 1875. Inali Ilala, kasitima ka amishoni a Livingstonia, amene anakamanga mudzi wao woyamba ku Cape Maclear. Iyo sinali ya nkhondo. Za nkhondo zinadza pambuyo pake, Angerezi atatenga dziko mu 1891. M'chaka chomwecho Harry Johnston, mkulu wa Boma latsopanolo, anamanga linga pa Shire moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, ndipo lingalo linatchedwa Fort Johnston. Mu 1897 Boma linasamukira pamalo pamene pali Mangochi lero, koma dzina la Fort Johnston linakhalabe mpaka dziko litalandira ufulu.

Kulimbana ndi eni zombo sikunali kwa masewera. M'Disembala 1891 Kaputeni Cecil Maguire anapita ndi asilikali ake a ku India pa sitima ya malonda yotchedwa Domira kukatentha zombo ziwiri za Makanjira. Zombozo anaziononga, koma mphepo inauka, Domira inatitimira pamchenga, ndipo anthu a Makanjira anamuombera Maguire nafa. Linga la Fort Maguire, kum'mawa kwa nyanja, linatchedwa dzina lake. Pamenepo Angerezi anaona kuti sitima za malonda sizikwanira, natumiza sitima ziwiri za mizinga, Pioneer ndi Adventure, zimene zinayamba kuyenda mu 1893.

Apa mphunzitsi anafunsa anawo nati, "Nanga chombo cha thanga ndi sitima ya nthunzi zikakomana, ipambane ndi iti?"

Ena anati sitima, chifukwa ndi yachitsulo. Ena anati sitima, chifukwa ili ndi mzinga. Koma mwana wa msodzi, amene anali chete nthawi yonseyi, anati, "Chombo chidikira mphepo, Aphunzitsi. Sitima sidikira."

Anayankha bwino, pakuti ndi pomwepo panagona nkhani. Chombo chikasowa mphepo chiima pakati pa nyanja ngati chipika, ndipo sitima ichipeza pomwepo. Pofika 1895 mphamvu ya Makanjira inali itathyoka, ndipo malonda a akapolo pa nyanjayi anatha m'zaka zomwezo. Chimenecho chinali chinthu chabwino, ndipo palibe angachikane. Koma sitima zomwezo zinanyamulanso akapitao a Boma okhometsa msonkho wa nyumba, ndipo mudzi umene unakana msonkho unaona utsi wa sitima uli kudza. Chifukwa chake anthu a kunyanja sanaziyang'ane ndi mtima umodzi. Mwa zombo za akapolo zija palibe chinatsala kuti ana a lero achione. Zina zinapsa pa nkhondo, ndipo zina zinaola, pakuti matabwa sakhalitsa m'madzi ofunda.

Tsono mphunzitsi anafika pa sitima ya mzinga uja. Dzina lake linali Guendolen, dzina la mwana wamkazi wa Lord Salisbury, amene anali nduna yaikulu ya ku Britain m'masiku amenewo. Anaipanga ku Greenwich, kufupi ndi London, ndipo atatha anaimasula zidutswazidutswa, pakuti palibe njira ya pamadzi yakuti sitima yathunthu ichoke ku nyanja ya mchere ndi kufika ku nyanja ya Malawi. Katundu wa masiku amenewo ankatsikira ku Chinde, pamathiriro a Zambezi, nakwera Zambezi ndi Shire m'ngalawa kufikira kumunsi kwa mathithi. Pamenepo ngalawa zinkalephera. Kuyambira ku Kapichira kufikira ku Matope mtsinje ugwa pamiyala kambirimbiri, ndipo chitsulo chilichonse chinkayenda pamtunda, pamitu ndi pamapewa a anthu, kapena pa ngolo zokokedwa ndi manja. Kulemera kwa ntchito imeneyo kuoneka pa sitima ina ya zaka zomwezo, Chauncy Maples ya amishoni a ku Likoma. Chimphika chake chophikira nthunzi chinalemera matani 11, ndipo anachikoka amuna Achingoni 450.

Zidutswa za Guendolen zitafika ku Fort Johnston, amisiri anazilumikiza ndi misomali yachitsulo, ndipo sitimayo inalowa m'madzi mu 1899. Inalemera matani oposa 300, ndipo m'litali mwake munali mapazi 136, ndiwo mamita 41. Panalibe ina yoposa iyo pa nyanja yonse.

Anawo sanamve bwino za mamita 41. Tsono mphunzitsi anaimika mwana mmodzi pa mzinga, nauza mnyamata wamtali koposa onse kuti aponde mapazi aatali 41 m'mbali mwa msewu. Mnyamatayo anayenda, anzake ali kuwerenga mokweza, ndipo ataima anaoneka wamng'ono. Pamenepo wong'ung'udza uja anati, "Ha! Inalidi chinthu."

Atachoka pa mzinga anayenda pang'ono, nafika pa nyumba yakale ya njerwa. Kale nyumbayo inali ya Gymkhana Club, kumene Azungu a ku Fort Johnston ankasonkhana pocheza. Kuyambira 1971 ili yosungiramo zinthu zakale za kunyanja, ndipo itchedwa Lake Malawi Museum. M'katimo muli zithunzi za sitima zakale, ndi zinthu zoonetsa makhalidwe a anthu a kunyanja. Koma chimene chinakoka maso a anawo ndicho chifaniziro cha mbali ya kutsogolo ya Guendolen, pamodzi ndi malo okwezeka amene kaputeni ankaimapo poyendetsa sitima. Si sitima yeniyeni ayi, ndi chifaniziro chabe chomangidwa m'kati mwa nyumba. Komabe munthu ataima pamenepo adziwa m'mene woyendetsa ankaonera nyanja patsogolo pake.

Bambo wosunga nyumbayo anawalandira, ndipo mphunzitsi anampempha kuti awauze anawo za tsiku limene mzinga uja unalira.

Mu 1914 gombe la kumpoto cha kum'mawa kwa nyanja, limene lero lili m'dziko la Tanzania, linali m'manja mwa Ajeremani. Iwonso anali ndi sitima yao ya mzinga, Hermann von Wissmann, imene inayamba kuyenda mu 1893, ndipo ntchito yake yoyamba inali yomweyo yoletsa zombo za akapolo. Kaputeni wa Guendolen anali Edmund Rhoades, ndipo wa sitima ya Ajeremani anali Berndt. Anthu awiriwa anali mabwenzi. Ankachezerana, nadyera ndi kumwera pamodzi sitima zao zikakomana pa dooko.

Pa 4 Ogasiti 1914 Britain inalowa m'nkhondo ndi Germany. Mau anafika ku Zomba pa lamya, ndipo Bwanamkubwa George Smith analamula kuti sitima ya Ajeremani ifunidwe ndi kuonongedwa. Chifukwa chake chinali chomveka. M'masiku amenewo munalibe misewu ya galimoto yopita kumpoto, ndipo nyanja ndiyo inali msewu. Wokhala ndi sitima pa nyanja akanatha kufikitsa asilikali ku Karonga m'masiku owerengeka, pamene mnzake woyenda pansi akanatha milungu.

M'mawa wa pa 13 Ogasiti Guendolen inafika pa dooko la Sphinxhaven, limene lero litchedwa Liuli. Sitima ya Ajeremani inali pamtunda, atayikokera kunja kwa madzi kuti aikonze. Rhoades anaimika Guendolen patali mayadi ngati 2,000, nalamula kuti aombe. Mzinga unalira, ndipo chipolopolo chinagunda. Posakhalitsa anaona kangalawa kali kudza kuchokera kumtunda, munthu ali kupalasa mwaukali. Anali Berndt. Iye anali asanamve konse kuti kwauka nkhondo, pakuti mau anali asanamfike, ndipo anakwera pa Guendolen ali kukalipa, namfunsa bwenzi lake ngati waledzera. Rhoades anamuuza za nkhondo, namgwira kuti akhale wandende. Angerezi anachotsa mzinga wa sitima ya Ajeremani ndi zitsulo zina za makina ake, nabwerera. Mbiri inafika ku London, ndipo nyuzipepala ya The Times inailemba monga chipambano cha pamadzi, chimodzi cha zoyamba m'nkhondo yonseyo. M'Meyi 1915 Angerezi anapitanso ku Sphinxhaven, naiononga sitimayo koposa, kuti Ajeremani asaikonzenso.

Anawo anaseka kwambiri pomva za Berndt, ndipo anyamata awiri anayamba kuyeserera, wina ali kupalasa, wina ali kuomba. Nkhaniyi ndi yoseketsa ndithu, ndipo alendo ambiri aikumbukira yokhayo, nachoka.

Koma mtsikana wina, amene anali kuyang'ana chithunzi cha sitima ili kufuka utsi, anafunsa nati, "Bambo, nanga motowo ankasonkha ndani?"

Bamboyo anamyang'ana, nati, "Mwana iwe wafunsa funso la akulu."

Sitima ya nthunzi iyenda motere. Pansi pake pali ng'anjo, ndipo pamwamba pa ng'anjo pali chimphika chachitsulo chotsekeka chodzaza madzi. Madzi akawira, nthunzi isowa potulukira, monga ichita mumphika wovundikira bwino, ndipo ikankha zitsulo za makina. Zitsulozo zizunguza mtanda wautali wotulukira kumbuyo kwa sitima, ndipo kunsonga kwake kuli zopalasira zimene zikankha madzi. Moto ukazima, zonse ziima. Sitima za ku Ulaya zinkatentha malasha, koma za pa nyanja ino zinkatentha nkhuni, ndipo zinkadya nkhuni zambiri zedi. M'madooko a m'mbali mwa nyanja munkakhala milu ya nkhuni zodikira sitima. Ozidula, ozisenza ndi ozikweza anali anthu a m'midzi ya kunyanja. Osonkha moto pansi pa sitima, m'malo amdima ndi otentha ngati uvuni, analinso anthu akuda, pamodzi ndi amalinyero ambiri oponya nangula ndi kukoka zingwe. Kaputeni anali mmodzi, koma manja oyendetsa sitima anali ambiri.

Ndipo nkhondo imene inayamba moseketsa ku Sphinxhaven sinapitirire moseketsa. Sitima ya Ajeremani itachoka pa nyanja, Guendolen ndi zinzake zinanyamula asilikali a King's African Rifles kupita nao kumpoto, ndipo pa 9 Seputembala 1914 kunachitika nkhondo yoopsa ku Karonga, kumene anthu ambiri anafa. Kuyambira pamenepo Fort Johnston inasanduka chipata cha nkhondo. Chakudya, zipolopolo ndi mankhwala zinkafika pa dooko lino, nizikwera sitima, ndipo kumene sitima inalekezera, katundu ankapitirira pamitu ya amtengatenga. Amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga m'zaka zinai za nkhondoyo. Ambiri sanapite mwa kufuna kwao, koma anachita kugwidwa m'midzi. Anayenda m'mvula ndi m'matope, chakudya chili chochepa, ndipo ochuluka anafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo osaona mdani ndi maso. Kumudzi minda inatsala ndi akazi ndi nkhalamba. Anthu anaitcha Nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolira mosalekeza. John Chilembwe wa ku Mbombwe analemba kalata m'Novembala 1914 yodandaula kuti anthu osauka a dziko lino ali kufera nkhondo imene sinali yao, ndipo m'Januwale 1915 anaukira Boma. Nkhondo ya kuno inatha m'Novembala 1918, pamene mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia.

Ku Zomba kuli nsanja ya chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles. Dzina la Rhoades ndi la Berndt ali m'mabuku. Koma maina a amtengatenga ambiri, ndi a odula nkhuni ndi osonkha moto, sanalembedwe pamwala uliwonse. Atsala m'kamwa mwa nkhalamba za m'midzi, ndipo nkhalamba ikamwalira osafunsidwa, dzina lipita nayo. Chifukwa chake mphunzitsi anauza anawo kuti akafika kwao akafunse agogo ao ngati m'banja mwao munali munthu wopita ku Chiwaya kapena wogwira ntchito pa sitima, ndipo akalembe dzina lake ndi mudzi wake m'kope.

Guendolen inakhalabe pa nyanja nkhondo itatha, ninyamula anthu ndi katundu wa Boma kufikira 1940. Mu 1944 anaiphwasula.

Mnyamata wofunsa pa mlatho uja anati, "Bwanji sanaisunge, kuti ifenso tiione?"

Mphunzitsi anati kusunga sitima ndi ntchito yaikulu, ndipo anawauza za dziko limene linasunga yake. Ku Portsmouth, pa gombe la kumwera kwa England, kuli chombo cha nkhondo cha matanga chotchedwa Victory. Chinalowa m'madzi mu 1765, sitima za nthunzi zisanayambe kuyenda. Chonse ndi chamatabwa, ndipo pochipanga anagwetsa mitengo ngati 6,000, yambiri ya mtundu wolimba wa kumeneko wotchedwa oak. Chinali ndi milongoti itatu ndi mizinga 104, yoikidwa m'zipinda zitatu zosanjikizana, ndipo anthu oposa 800 ankakhala m'menemo, nagona m'machira opachika pakati pa mizinga. Pa 21 Okutobala 1805 chombochi chinatsogolera zombo za Angerezi pa nkhondo ya ku Trafalgar, polimbana ndi za Afalansa ndi Aspanya. Angerezi anapambana, koma mkulu wao, Horatio Nelson, anaomberedwa ali pamwamba pa chombo, nafera m'chipinda cha pansi tsiku lomwelo.

Zaka zoposa 100 pambuyo pake Victory chinali kungoyandama pa dooko, chili kuola pang'onopang'ono, ndipo chikadatha monga zinathera zombo za Makanjira. Koma mu 1922 anachilowetsa m'dooko louma, ndilo dzenje lalikulu lomangidwa ndi miyala, limene madzi ake achotsedwa, ndipo anthu anasonkha ndalama zochikonzera. Chili pomwepo mpaka lero. Alendo akwera m'kati mwake, nawerama poyenda chifukwa denga la zipinda za pansi ndi lalifupi, naona malo amene Nelson anagwera. Koma ntchito yake siitha. Mvula ilowa m'matabwa, tizilombo tiwafumbula, ndipo amisiri achotsa thabwa loola ndi kuikapo lina chaka ndi chaka, kotero kuti matabwa ambiri a chombocho lero si aja a 1765.

Guendolen sinapeze anthu oisonkhera ndalama. Mu 1944 dziko lonse lapansi linali m'nkhondo yachiwiri, sitimayo inali itakalamba, ndipo oiyang'anira anaona chitsulo chakutha chabe. Sitingawaweruze kwambiri, pakuti kunali zosowa zambiri zoposa kusunga sitima yakale. Komabe ndi chinthu chachisoni kuti mwana wa ku Mangochi, amene makolo ake anasenza zitsulo za sitimayo ndi kuidulira nkhuni, ayenera kuiyesa ndi mapazi pamsewu.

Dzuwa litapendeka anatsazika bambo uja, nabwerera ku nsanja. Tsopano anawo anauzungulira mzinga ndi maso ena. Anaugwira, napeza kuti watentha ndi dzuwa. Anasuzumira m'kamwa mwake, nayesa kulingalira kutalika kwa mayadi 2,000 poyang'ana kutsidya kwa Shire. Pafupi pomwepo pali chikumbutso china, cha sitima ya Vipya, imene inamira ndi namondwe kumpoto kwa nyanja pa 30 Julayi 1946, ndipo anthu 145 anafa. Mtsikana wofunsa za moto uja anawerenga mau ake pang'onopang'ono, anzake ali chete.

Pooloka mlatho kubwerera kwao, mwana wa msodzi anaima, naloza pamadzi. Kangalawa kamatabwa kanali kukwera mtsinje kulunjika kunyanja. Eni ake anali ataimika nsungwi pakati, namangapo thanga la matumba osokerera, ndipo mwera unali kulidzaza kuchokera kumbuyo. Nkhafi zinali gone m'kati, ndipo munthu mmodzi yekha anakhala kumbuyo ali kuwongolera. Anawo anatsamira pa chitsulo cha mlatho, nakayang'ana mpaka kanakhota kuseri kwa bango.